Mauthenga a Birin Ankabwerera

Lolemba, 6 Febuluwale

Manja akununkhabe nkhanu. Ndisamba ndikamaliza kulemba.

Lero ku shedi, tili pakati pochotsa mnofu m'zigoba, analowa Yu Karsih foni ili m'manja, mpango wakumutu utapendekeka. Mwamuna wake Kang Tarjo, amene anali sitima imodzi ndi mwamuna wanga Birin, watsitsidwa padoko lina kutsidya kwa nyanja, kontirakiti yake yatha. Anali pafoni pomwepo, pavidiyo. Karsih anangondipatsira foniyo.

Tarjo wawonda, nkhope yatsala mano okhaokha. Moni sanapereke n'komwe.

"Roh, unatsekeranji imelo?"

Ndinati ine sindinatseke kanthu. Iye akuti Birin wakhala akulemba kuyambira Novembala, koma uthenga uliwonse ukumabwerera. Kaputeni amamuonetsa pakompyuta kuti taona, wabwereranso uwu, kenako n'kumaseka, ati mkazi wako wapeza wina wa kumtunda.

Ndinafunsa kuti ali bwanji. Tarjo anayang'ana kumbali. Akuti miyendo yatupa mpaka m'ntchafu, ukadina ndi chala pamatsala dzenje. Nsapato za mphira sizikulowanso, akugwira ntchito atakulunga mapazi m'mapulasitiki. Akamakwera makwerero amaima panjira kufuna mpweya. Mnzawo wina wa ku Philippines anayambanso chomwecho. Ndinafunsa kuti ameneyo ali kuti tsopano. Akuti ali mufiriji, pamodzi ndi nsomba.

Sitima yonyamula nsomba, imene inamutenga Tarjo, ikanamutenganso Birin, koma anakana. Akuti kwangotsala miyezi itatu, akatsika msanga zonse zimene kampani inamusungira zipsa, ndiye atsikirenji poti kunyumba anamutsekera chitseko. Sitimayo ibweranso sabata yamawa. Ikachoka pamenepo ndiye mpaka Epulo kapena Meyi.

"Umulembere, Roh. Ine ndinalephera, mpaka tinatukwanana. Angamvere iweyo basi."

Azimayi onse anali atasiya ntchito, akundiyang'ana. Ndinatuluka panja, ndinatsegula foni yanga. Pamwamba pa imelo pali mzere wofiira woti malo adzaza. Ndakhala ndikuuona kuyambira kalekale. Ndinkangoti ndi zotsatsa malonda, akufuna ndilipire. Imelo imeneyi sindigwiritsa ntchito ina iliyonse, ndi ya Birin yekha. Pasitima palibe foni, pali kompyuta ya kaputeni basi, ndipo munthu aliyense amaloledwa adiresi imodzi, imene analembetsa ku ofesi ponyamuka. Birin akakhala chete miyezi iwiri ndinali nditazolowera. Ulendo uno ndinkati wangotiiwala.

Mak, apongozi anga, sindinawauze. Andifunsa kuti bwanji sukudya, ndati mutu.

Lachiwiri, 7 Febuluwale

Sindinapite ku shedi. Ndinalawirira kumsika kwa Yuyun, mnzanga wa kupulayimale amene ali ndi kashopu ka mafoni. Anayang'ana foni, anandiyang'ana ine.

"Iwe Roh, m'mutu mwakomo muli ubongo kapena mnofu wa nkhanu? Chinthu chakhala chikukuwa miyezi yonseyi."

Wandifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana. Imelo ndi zithunzi zimagona chipinda chimodzi. Nditagula foniyi anandipatsa malo ena aulere kwa kanthawi, nthawiyo inatha. Ndiye katundu wanga ndi wa nyumba yonse, koma andibwezera m'kachipinda kamodzi. Palibe cholowa, palibe chotuluka, mpaka nditataya. Ngakhale mauthenga amene ine ndinkamulembera sanapite. Ndimvekere ndikulankhula ndi mwamuna wanga, pomwe ndinkalankhula ndekha.

Ndiye chadzazamo n'chiyani? Mavidiyo a mwana wathu Fia.

B. ananyamuka ine ndili ndi pakati. Mwana wake sanamuonepo, ndipo imelo ya pasitima simalandira zithunzi, mawu okha. Ndinamulonjeza kuti ndizijambula chilichonse, akadzabwera adzakhale pansi aonere kuyambira tsiku loyamba. Foni yanga ndi yaing'ono m'mimba, ndiye Yuyun yemweyu ndi amene anaikonza kuti mavidiyo azikwera kumeneko n'kumachoka m'foni. Kwina kulikonse kulibe. Ali kumeneko kokha.

Ndinati tingolipira, ndikongola kwa Karsih. Yuyun anayesa n'kuyesa, zikukana. Imeloyi ndinatsegulira ku Taiwan nthawi ija ndinkagwira ntchito yosamala agogo ena, ndiye ikufuna khadi ya banki ya kumeneko. Ndinati nanga titsegule adiresi ina. Ndinawaimbira Pak Herwanto a ku ofesi yotumiza anthu kusitima.

"Bu Rohmah, adiresi imalembedwa munthu akamanyamuka. Kuisintha kumadutsa kwa eni sitima, zimatenga mwezi kapena iwiri."

Ndinati mwamuna wanga akudwala. Akuti iwo sanalandire lipoti la wodwala aliyense, kutupa miyendo n'kwa kuimirira nthawi yaitali. Anamaliza n'kundilangiza kuti imelo imafunika kuisamala ngati nyumba. Ndinathokoza. Ine yemwe, kuthokoza.

Masana onse ndakhala pakabenchi ka Yuyun ndikufufuta zopanda ntchito. Zotsatsa nsapato, za ngongole za pafoni, malisiti a ku Taiwan, zithunzi za agogo aja ali pa njinga yawo ya olumala. Zala zanga n'zong'ambikang'ambika ndi zigoba, galasi la foni silimazimva bwino, pena ndimadina katatu. Ndinafufuta mpaka khosi kuuma. Mzere wofiira uja sunasunthe ngakhale pang'ono. Yuyun akuti zimenezo ndi fumbi chabe, makabati ndi mavidiyowo.

Mauthenga akale a B. ndi aang'ono, sadya malo. Amenewo sindikhudza.

Mawa tiwakopera mu fulashi, kenako ndifufute.

Lachitatu, 8 Febuluwale

Mak amva kale, kwa mayi wogulitsa masamba. M'mudzi muno nkhani imafika kunyumba mwini wake asanafike. Ndinawapeza atakhala pakhomo, Fia ali pamiyendo pawo. Apongozi anga sakweza mawu, ndipo n'chimene chimawawa.

"Mwana wanga akugogoda miyezi yonseyi, iwe uli kalikiliki kujambula mwana akudya phala."

Nyumba ndi yawo, mwana ndi wawo. Ananenanso kuti akanadziwa kuwerenga bwenzi adiresi ili yawo. Kenako anandipatsa ambulera, ati pita, ukuyembekezera chiyani.

Mvula tsiku lonse. Netiweki ikukwawa. Kompyuta ya Yuyun ndi yakale, nayonso ndi yodzaza, ndiye amangotsitsira mu fulashi mwachindunji. Anandipatsa fulashi yaikulu kuposa onse m'shopu, ati udzalipira Birin akabwera, andigulirenso chokoleti cha kunja. Tinkangoyang'ana kamzere kakuyenda ngati nkhono. Anthu akubwera kudzagula bandulo, kudzamatitsa magalasi, aliyense kufunsa kuti kodi zoona za Birin. Bambo wina akuti mlamu wake anatupanso choncho, anachira ndi nyemba zobiriwira. Wina akuti wake sanachire. Yuyun anamuthamangitsa.

Pofika Swala ya madzulo chaka choyamba cha Fia chinali chitalowa. Yuyun anatsegula mavidiyo angapo oyambirira kuti tione, akusewera bwinobwino. Fia ali kofiira, maso otupa, akulira ngati mwana wa mphaka. Ndiye ndinafufuta chaka chonsecho ku imelo. Yuyun akuti ukhuthulenso bini, zikakhala mu bini zimadyabe malo. Foni inandifunsa ngati ndatsimikiza, kuti sizidzabweranso. Ndinavomera.

Mzere watsika, koma ukadali wofiira. Kwatsala miyezi ya posachedwapa, imene ndinkajambula kwambiri chifukwa wayamba kuyenda.

Tarjo anauza Karsih kuti kaputeni amatsegula mauthenga a antchito Lamulungu lokha. Ndiye pofika Loweruka ndikhale nditatumiza.

Lachinayi, 9 Febuluwale

Fulashi ija ndi yabodza.

Sindikudziwa ndilembe bwanji. Ndinafika m'mawa kuti tipitirize. Yuyun analowetsa fulashi, ndinamupempha anditsegulire ya tsiku lometa tsitsi la Fia, tsiku lija tinapha mbuzi, ndingoonako. Dzina la vidiyo likuoneka. Kudina, mdima. Ina, mdima. Ina, mdima. Akusewera ndi oyambirira okha aja tinayesa dzulo, a sabata yoyamba. Ena onse ndi zigoba zopanda kanthu.

Yuyun anatulutsa n'kulowetsanso, kupukuta ndi malaya, kuuzira. Anaimbira mnzake wa m'tauni amene amakonza makompyuta. Ndinamva ndekha pa sipika. Akuti mafulashi amenewo kunja amalemba zazikulu koma m'kati ndi kang'onong'ono, akadzaza amangonamizira kuti akulandira. Palibe chobweza. Za mu bini nazonso, ukakhuthula wakhuthula.

Anawagula motchipa kwa munthu wina woyenda ndi chikwama. Yuyun amene pakamwa pake sipatsekeka uja anangokhala pansi kuseri kwa kauntala, manja kumaso. "Undimenye, Roh. Chonde ungondimenya."

Sindinamumenye, sindinalalate. Ndinangokhala ndwii kuyang'ana makava a mafoni olendewera pakhoma. Kumwetulira koyamba. Dzino loyamba. Kukwawa chafutambuyo mpaka kukakanirira pansi pa kabati. Bambo anga atamunyamula pakhonde, mwezi umodzi asanamwalire, akumuimbira ndi mawu awo osasa aja. Imeneyo inali vidiyo yokhayo ya bambo anga.

Yuyun akuti mawa m'mawa akwera njinga yamoto akagule fulashi yeniyeni m'tauni, titsitse zotsalazo usana ndi usiku. Ndavomera ndi mutu.

Pobwerera, madzi a m'nyanja anali atayamba kale kukwera m'ngalande. Mak anandiyang'ana kumaso. Anandiikira mpunga ndi nsomba youma. Nditawauza anangoti, "Ndi Pak Sarwo omwe?" Amenewo ndi bambo anga. Ndinati ee. Anapita kukhitchini, anakhalitsa.

Lachisanu, 10 Febuluwale

Madzi alowa m'mudzi. Mumsika afika m'mawondo, magetsi azimitsa. Yuyun kompyuta waikweza pamwamba pa kabati, msewu wa kutauni sukudutsika. Anabwera yekha akuvuuka m'madzi, siketi atakwinyira m'chiuno, kudzandipatsa batire yotchajira foni. Sanalowe. Akuti mwina Lolemba.

Lolemba n'kutali. Ndamuuza kuti basi, asavutikenso.

M'nyumba madzi afika m'kakolo. Takwera tonse pabedi la Mak, ine, iwo ndi Fia, mbaula tayiika patebulo. Ndinasankha mavidiyo ochepa amene foni ingakwanitse kusunga, ndinawatsitsa. Kuyenda koyamba, ndi ina akuvina nyimbo ya wogulitsa ayisikilimu. Otsalawo ndinati ndingosankha onse pamodzi, nditseke maso, ndidine. Mak anandigwira dzanja.

"Tiyambe taonera."

Ndinati Mak, ndi ambiri, batire itha. Akuti tionere amene tingathe.

Ndiye takhala choncho kuyambira m'mawa mpaka amuna atabwerako ku Swala ya Lachisanu, mpaka dzuwa kupendeka. Kuonera kamodzi, kufufuta. Kuonera kamodzi, kufufuta. Mak maso ali pafupi ndi galasi, akuyankhula okha. Apa anali ndi chimfine. Diresi iyi inali ya mwana wa Karsih. Ikatha amati, "Fufuta. Ndaiona ine, ndidzamufotokozera." Pena amati bwezera, ndimabwezera kamodzi.

Panali ina Fia atakhala pamiyendo ya ustazi wa pamzikiti wathu, ustazi ali mkati mwa pemphero, kenako nkhope yawo kusintha chifukwa mwana wawakodzera pa saroni, nsalu yawo yovala yatsopano. Mak anaseka mpaka kutsamwa. Chiyambire sabata ino aka n'koyamba. Panalinso ina ndinawajambula mobisa akumugoneka mwana, akuimba, tsitsi lili nyankhalala. Akuti imeneyo ufufute msanga, ndikuoneka ngati mfiti. Ndinanamizira kufufuta, ndaisunga.

Fia amaloza galasi n'kumati "nana, nana," sakudziwa kuti ndi iye yemwe. Kenako anatopa, anagona chala chili m'kamwa.

Batire itatsala pang'ono, otsala onse ndinawafufuta osaonera. Mak anatembenukira kukhoma. Ndinakhuthula bini, foni inazima ndisanaone mzere.

Pansi pa bedi pakuyandama patapata wa B. amene anamusiya pakhomo. Winayo sindikumuona.

Loweruka, 11 Febuluwale

Ndinakatchaja kumzikiti, kuli jenereta. Anthu ambiri, mafoni ali mbwee pamkeka. Itayaka ndinatsegula. Mzere wofiira wachoka.

Ndinakhala pamasitepe kudikira kuti mauthenga a Birin ayambe kugwa, onse a miyezi itatu aja. Palibe. Ndinamuimbira Yuyun. Akuti obwerera aja anabwerera basi, sakhala penapake kudikira. Zimene ankandiuza miyezi yonseyo sindidzazidziwa pokhapokha adzanene yekha.

Ndili pafoni pomwepo ndinamva kakulira kaja kamene foni imachita uthenga ukapita. Kamodzi, kenaka kena, kenaka kena. Ndinayang'ana. Mauthenga anga onse amene anakanirira aja akutuluka okha, umodzi pambuyo pa unzake.

Muli wa Disembala uja.

Ndinaulemba tsiku lija denga linkadontha, Fia thupi lili moto, ine nditabwerera kuchipatala wapansi. Sindinamutchule n'komwe Mas, monga ndimamuitanira mwaulemu masiku onse. Ndinalemba kuti, "Birin, ngati watiiwala ungonena. Ndipita kukhoti akandimasule. Mwanayu sakukudziwa ndipo sakukusowa." M'mawa mwake ndinachita manyazi, koma poona kuti sanayankhe ndinati kaya, amve. Ndinali nditauiwala.

Wapita. Ndinayesa kuugwira, chala chikuterereka pagalasi. Wapita kwa munthu amene akukhulupirira kale kuti ndinamusiya.

Yuyun akuti uthenga ukapita subwezedwa. Ndinathamangira kwa Karsih m'madzi momwemo, tinamuimbira Tarjo. Ndinafunsa kuti amawerenga bwanji kumeneko. Akuti kaputeni amaitana mmodzimmodzi, umawerenga chiimire iye ali kumbuyo kwako, kuyambira wakale kutsika m'munsi. Akatopa nawe amangoti basi, wina. Nthawi zina umawerenga umodzi wokha.

"Unalembamo chiyani, Roh?"

Sindinamuuze. Karsih anandiyang'ana, akudziwa, naye ndi mkazi wa wapanyanja.

Ndinalemba watsopano pomwepo, pamutu pake zilembo zazikulu: MUYAMBE KUWERENGA UWU. "Mas, imelo inadzaza, sindinatseke. Mauthenga anu sindinawaone, anga sankapita. Wa Disembala musaumvere. Tarjo wandiuza za miyendo. Kwerani sitima yonyamula nsomba. Za kampanizo zisiyeni. Mak akukudikirani, ine ndikukudikirani. Bwerani."

Ndautumiza katatu. Uli pansi penipeni pa mulu.

Lamulungu, 12 Febuluwale

Zii.

Lolemba, 13 Febuluwale

Madzi aphwa, asiya matope ndi fungo. Ndakolopa, ndapita ku shedi. Foni ndaikulunga m'kapulasitiki, ili m'thumba la epuloni, ikangonjenjemera mpeni umagwa. Zotsatsa nsapato zayambiranso kulowa.

Karsih wapaka utoto wakuda kutsitsi, Tarjo afika Loweruka. Akuyesetsa kubisa chimwemwe ndikakhala pafupi. Ndamuuza kuti asamabise, koma pa nkhomaliro ndinakadyera kuseri.

Mak akuti mwina kaputeni sanatsegule. Ine ndikuganiza zina. Kuti anatsegula, B. anafika pa wa Disembala, kaputeni n'kunena kuti basi, wina.

Lachitatu, 15 Febuluwale

Wayankha.

Unalowa ndili ku shedi. Ndinawerenga ndili chiimire pafupi ndi mapoto owiritsira nkhanu, nthunzi ili tolo, mpaka ndinachita kutuluka kuti ndione bwino. Ndikukopera pano momwe ulili, kuti ukhale pawiri.

"roh ndawerenga onse. kaputeni anali ataledzera ndiye anandisiya. wa disembala ndawerenga kawiri. chikwatiranireni sunandilalatirepo choncho ndinaseka mpaka kutsokomola. kukhoti usapite. sitima yafika ndikwera mawa. kuyenda sindikutha andikweza pa ukonde ngati nsomba. uwauze mak asalire. ndikufuna mpunga wotentha ndi tempe yokazinga tsabola wambiri. mwana amatha kunena bapak? ndatopa roh"

Ndinathamanga mpaka kunyumba epuloni ili m'khosi. Mak anati ndiwawerengere, ndinawerenga. Anati bwereza. Pa kukhoti paja anandiyang'ana, ndinati ndidzakufotokozerani, anati safuna kumva. Mawu awiri omalizawo ndinawadumpha maulendo onse.

Atulutsa matiresi a B. padzuwa, achapa masaroni ake onse ngakhale anali ochapa kale. Madzulo ndinawamva kukhitchini akumuphunzitsa Fia kuitana bambo ake. "Ba-pak. Nena. Ba-pak." Iye akungoti "pa" n'kumawaza mpunga.

Yuyun ndamutumizira uthenga kuti wayankha. Wabwera ndi fulashi yatsopano ya m'tauni, ili m'pepala lake losatsegula. Ndilibe choikamo chambiri, koma ndalandira. Tamwa tiyi.

Lachisanu, 17 Febuluwale

Pak Herwanto atsimikiza kuti anakwera. Tsopano akuti lipoti la kudwala analilandira. Kukafika kudoko ndi ulendo wa masabata awiri, pasitimapo dokotala palibe koma akuti mankhwala alipo. Ku sitima imeneyo kulibe kolembera.

Imelo ndikuitsegulabe. Chizolowezi.

Lachiwiri, 21 Febuluwale

Pak Herwanto anaimba m'mawa ndikumusambitsa Fia. Akuti ndipite ku ofesi, ndibwere ndi Mak. Ndinafunsa kuti kwagwanji. Akuti tikakambirane konko, Bu. Mawu aulemu kwambiri. Chiyambire sanandilankhulepo mwaulemu choncho.

Fia tinamusiya kwa Karsih. Tarjo, amene anafika Loweruka, anati atiperekeze, anavala malaya a kumzikiti. Tinakwera minibasi. Mak anavala mpango wawo woyera wa pa Idi, sindinawauze ine.

Ku ofesi anatipatsa mipando yofewa ndi madzi a m'makapu apulasitiki. Birin anamwalira Lamulungu m'mawa, pasitima yonyamula nsomba. Akuti mtima. Akuti anali atakhala tsonga potsamira khoma chifukwa akagona sankapuma, wophika atamubweretsera phala anapeza zatha. Pak Herwanto ananena zambiri, za chifuniro cha Mulungu, za kampani kuti ili nafe limodzi. Ine ndinkangoyang'ana kapu ya madzi, chivindikiro chake chili ndi chithunzi cha phiri. Lamulungu m'mawa ndinali kumsika kufunsa mtengo wa mafuta okazingira.

Kenako anatulutsa pepala, analikankhira kwa ine pamodzi ndi cholembera. Kuti tivomere amuike m'nyanja. Akuti doko lili kutali, kubweretsa thupi n'kovuta, mapepala ambiri, mayiko awiri, zitha kutenga miyezi. Akuti amusambitsa, amupempherera, zonse mwa Chisilamu. Tarjo anayamba kudzuka pampando, nkhope itachita mdima, ndinamugwira malaya.

Dzanja langa linali litatenga kale cholembera, sindikudziwa chifukwa chake. Munthu akakupatsa cholembera umalandira.

Mak anatembenukira kwa Pak Herwanto. Anafunsa, mawu apansipansi.

"Pak, nsomba zili m'sitimamo zifika kumtunda?"

"Zifika, Mak."

"Ndiye nayenso afike."

Pak Herwanto anayamba kufotokozanso. Mak anadzuka, anandilanda cholembera, anachiika patebulo bwinobwino pambali pa pepala. Tinatuluka. Anatitsatira mpaka pakhomo akuti tikaganizire, aimbanso. Aimbe.

Mak analirira mu minibasi, mopanda phokoso, nkhope ili pa phewa langa. Ine ayi, mpaka pano. Zili ngati zakanirira penapake pachifuwa.

Tarjo anatsikira pamzikiti kukawauza ustazi. Tisanafike n'komwe pakhomo, chimkuzamawu chinali chitayamba. Dzina lake lonse, Sobirin mwana wa malemu Kasnawi, kawiri. Thupi kulibe, tsiku loika silikudziwika, mapemphero ayamba madzulo ano kunyumba kwa mayi ake, Mak Tonah.

Matiresi ndawalowetsa. Fia ali kwa Karsih, adya konko. Ndikulemba ndili kuchipinda, chitseko chotseka. Panja amuna akukoka lona pakhonde, wina akufunsa kumene kuli makwerero. Azimayi ayamba kufika ndi mpunga m'mabeseni. Ndikumva mawu a Yuyun kukhitchini, akufunsa Mak kuti mapoto aakulu abwereke kwa yani.

Akundiitana.